Za Maphunziro a Asing'anga a Maganizo

Nkhani ya lero iyambira m'nyumba ina ya m'komboni ya Pamodzi ku Ndola, kufupi ndi Chifubu. Mwini nyumbayo sachulidwa dzina, pakuti si munthu mmodzi ai, anthu otere apezeka m'komboni iri yonse, ndipo kapena wina mwa inu adzati, "Ameneyu ndi mlamu wanga."

Munthuyo anagwira nchito pansi pa mgodi ku Kitwe zaka zambiri. Tsiku lina mwala unagwa pambali pace nupha mnzace wa gulu limodzi, iye natuluka wopanda bala. M'caka ca 2015, pamene mtengo wa mkuwa unatsika ndipo anthu zikwi-zikwi anacotsedwa nchito pa migodi, iyenso analandira kalata yace. Ndi ndalama zolekera nchito anagula kanyumba ku Pamodzi, ndipo zotsala zinatha monga zimathera. Tsopano tulo sationa. Akatseka maso aona mwala uja. Citseko cikamenyeka ndi mphepo adzidzimuka, thukuta liri kamu-kamu. M'mawa ayamba ndi kacasu kuti manja aleke kunjenjemera, madzulo akalipira mkazi wace, ndipo kawiri konse wammenya pamaso pa ana. Masiku ena angokhala pa khonde duu kufikira dzuwa litalowa. Usiku wina anauza mkaziyo kuti kukadakhala bwino mwala uja ukadatenga iye.

Abale anakhala pansi monga mwa mwambo, ndipo ali yense anadza ndi nzeru yace. Amace anati, "Mwana wanga anamlodza anzace a pa nchito," napita naye kwa sing'anga, nalipira. Mkazi anati, "Iai apongozi, izi ndi ziwanda," napita naye kwa mneneri amene anamsalitsa kudya masiku atatu. Mng'ono wace wopita ku sukulu anamkweza basi kunka ku cipatala, kumene analandira mankhwala. Anagona bwino sabata ziwiri, koma mankhwala atatha sanabwererekonso. Atsibweni ace anangoti, "Mphwanga uyu sadwala, ndi mowa cabe."

Palibe mmodzi mwa anthu anaiwa amene anali wopusa. Amace anaona kuti cibale ca mwana wao ndi anthu caonongeka. Mkazi anaona kuti mtima wa mwamuna wace uli ndi mlandu. Mng'ono anaona thupi lodwala, ndipo atsibweni anaona botolo. Zonsezi zinalipo ndithu. Cimene cinasowa ndi munthu wophunzitsidwa kuziona zinai zonse pamodzi, ndi kudziwa cimene ayenera kuyamba naco ndi cimene cingadikire. Maphunziro a munthu wotere ndiwo mutu wa nkhani ino.

Ogwira nchito ya matenda a maganizo ali a mitundu ingapo, ndipo anthu ambiri awasokoneza. Alipo dotolo wa matenda a misala, amene anayamba watsiriza udotolo wonse, napitiriza kuphunzira za bongo ndi mankhwala ace. Alipo ma clinical officer ndi anesi ophunzira nchito yomweyi, ndipo m'Zambia amenewa ndiwo asenza katundu wolemera koposa, cifukwa madotolo aja ndi owerengeka. Ndipo alipo wina amene Angerezi amucha clinical psychologist, amene m'nkhani ino adzachedwa sing'anga wa maganizo. Iyeyu sabaya nyeleti, ndipo salemba mankhwala. Zida zace ndizo makutu, mafunso, mau, ndi zocita zimene apangana ndi wodwala sabata ndi sabata. Kuti afike pamenepo ayenera kutsiriza digiri yoyamba ya saikoloji, imene itenga zaka 4, ndi kubwereranso ku yunivesite kukaphunzira yaciwiri, ya Master's, pamodzi ndi miyezi yambiri ya kugwira nchito m'cipatala pansi pa maso a akulu.

Akulu a kuno akumbukira kuti m'masiku a Northern Rhodesia munthu akapenga kunalibe zonsezi. Ena anatsekeredwa m'ndende, ena m'tizipinda ta pambali pa zipatala, ndipo ena anakwezedwa sitima kunka ku Ingutsheni ku Bulawayo, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1908, kutali ndi abale ndi pakati pa anthu a cinenero cina. Mankhwala oyamba oziziritsa misala, a chlorpromazine, anayesedwa ku France mu 1952, ndipo cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa mu 1962. Kumeneko dotolo Alan Haworth anagwira nchito ndi kuphunzitsa zaka zambiri. Koma lamulo la 1949, limene linacha odwala maina acipongwe otanthauza zitsiru, linakhalabe m'mabuku kufikira anthu atatu, mmodzi mwa iwo Sylvester Katontoka, anakasuma ku Khoti Lalikulu. Mu 2017 Khoti linaweruza kuti mainawo atsutsana ndi malamulo akulu a dziko, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano.

Za mankhwala ndi malamulo zithere pomwepa. Nanga kuciritsa ndi mau kunacokera kuti? Pano pali cinthu cimene ambiri sadziwa: Azungu okha-okha sanagwirizane konse za njira yace. Ku Vienna, ca m'ma 1900, Sigmund Freud anaphunzitsa kuti muzu wa bvuto uli m'zinthu za paubwana zimene munthu anazikwirira, ndi kuti wodwala ayenera kunena ciri conse cobwera m'mutu mwace, ngakhale kwa zaka, kufikira zokwiririkazo zitafukuka. Ku South Africa, Joseph Wolpe wa ku Johannesburg, amene anali dotolo wa asilikali m'nkhondo yaciwiri, anati mantha ndi cinthu cimene thupi laphunzira, ndipo lingathe kuciiwalanso: phunzitsa munthu kumasula thupi lace, kenaka umfikitse pang'ono-pang'ono ku cinthu cimene aopa. Buku lace linatuluka mu 1958. Ku Chicago, Carl Rogers anati sing'anga asalamule kapena kulangiza kwambiri, koma amvetsere ndi mtima wonse, osaweruza, ndipo wodwala adzapeza yekha njira. Ku Philadelphia, m'zaka za m'ma 1960, Aaron Beck anaona kuti munthu wacisoni cosatha adziuza mau onama tsiku lonse, monga akuti "ndine wacabe," ndipo anamphunzitsa kufunsa mau otere mafunso monga afunsira mboni pa bwalo la milandu.

Magulu anaiwa, ndi ena ambiri otuluka mwa iwo, analimbana monga momwe a Dachi ndi a Roma analimbanirana sukulu za m'midzi ya kum'mawa masiku aja. Wophunzira analowa gulu la mphunzitsi wace, naphunzira kunyoza enawo. Tsoka linali la wodwala, pakuti analandira cimene sing'anga anadziwa, osati cimene matenda ace anafuna.

Woyamba kudodoma anali Saul Rosenzweig wa ku America, amene mu 1936 anafunsa kuti: ngati magulu onsewa atsutsana, nanga bwanji gulu liri lonse liri ndi anthu amene linaciritsadi? Payenera kukhala kanthu kena kamene onse ali nako osadziwa. Mu 1961 Jerome Frank wa pa yunivesite ya Johns Hopkins anapita patali koposa, pakuti anayerekeza asing'anga a maganizo a kwao ndi asing'anga a mitundu ina ndi ociritsa a m'mipingo. M'zolemba zace anachula zinthu zinai zopezeka mwa onse: munthu amene wodwala amkhulupirira ndi kumuululira za mumtima, malo odziwika kuti ndi ociritsirako, cifukwa comveka cofotokozera matendawo, ndi mwambo kapena zocita zimene onse awiri akhulupira kuti zidzathandiza. Pambuyo pace, mu 1967, Arnold Lazarus, mwana wa ku Johannesburg amene anaphunzira kwa Wolpe, anati sing'anga atenge cida ciri conse cimene cayesedwa ndi kupezeka cogwira nchito, ndipo safunika kulowa mpingo wa mwini cidaco. Iye anaphunzitsa ophunzira ace kufunsa wodwala za mbali 7 za moyo wace: zocita zace, zomva mumtima, zomva m'thupi, zithunzi zobwera m'mutu, maganizo, kukhala kwace ndi anthu, ndi zimene amwa kapena kudwala. Mu 1983 akatswiri ofuna kuphatikiza njirazi anayamba bungwe lao ku America, ndipo lero mayunivesite ambiri aphunzitsa motero.

Zimene Frank analemba ku Baltimore, mlendo wina anali ataziona kale ndi maso m'dziko lino. Pakati pa 1950 ndi 1954 Victor Turner, wa Rhodes-Livingstone Institute, anakhala pakati pa Andembu ku Mwinilunga, naonerera nchito ya sing'anga wochedwa Ihembi. Wodwala anali mwamuna wa mtima wogunda, wa msana wowawa, wodzitsekera m'nyumba ndi kuganiza kuti mudzi wonse umnena. Ihembi anati walumidwa ndi ihamba, ndilo dzino la mlenje wakufa, limene liyendayenda m'thupi. Koma asanaike nyanga zoyamwira, anayamba wafufuza mwakacetecete za mikangano yonse ya m'mudzimo. Tsiku la mwambo ng'oma zinalira, ndipo dzino linakana kutuluka. Ihembi anati silidzatuluka kufikira ali yense wosunga cakukhosi ndi wodwalayo atacinena poyera. Ananena mmodzi-mmodzi, abale ndi mkazi yemwe, wodwalanso nanena zace, ndipo pamenepo dzino linaoneka. Turner atabweranso patapita caka anampeza munthuyo ali bwino, akhala ndi anzace. Dzino lija ali yense aganize za ilo monga afuna. Koma kusonkhanitsa mudzi kuti ulankhule zobisika, imeneyo ndi nchito imene ophunzira a Master's lero aiphunzira miyezi yambiri, naicha kuciritsa banja.

Apa pafunika kucenjera, pakuti ena akamva zotere athamangira kunena kuti zonse za makolo ndi zabwino. Si conco. Sing'anga woloza munthu cala kuti ndiye mfiti aphwanya mudzi m'malo mwa kuumanga, ndipo lamulo la Zambia liletsa zimenezo. Womanga wodwala ndi unyolo pa mtengo acita nkhanza, angakhale aimbe nyimbo zopatulika pomanga. Ndipo mwana wobwebweta cifukwa ca malungo a m'bongo akacedwa masiku awiri pa kacisi, amwalira. Amene anasonyeza njira yapakati ndi Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria, dotolo wophunzira ku Birmingham ndi ku London. Mu 1954, ku Aro kufupi ndi Abeokuta, anagoneka odwala m'nyumba za anthu a m'midzi yozungulira cipatala, ali yense ndi mbale wace womsamala. Masana analandira mankhwala ku cipatala, ndipo asing'anga a kumeneko anagwira naye nchito pansi pa uyang'aniro wace. Lambo anasankha cimene anatenga, ndipo cimene anaona kuti cipweteka anacikana.

Kusankha kumeneku ndiko cifukwa cace maphunzirowa atenga zaka. Kuphatikiza njira si kuthira ndiwo zonse mumphika umodzi. Inu a pa mgodi mudziwa kuti munthu salandira laisensi ya kuphulitsa miyala cifukwa ca kuwerenga buku; ayamba watsata wamkulu masiku ambiri, naona, nayesa, nadzudzulidwa, ndipo ayenera kudziwa osati kuyatsa kokha, komanso nthawi yosayatsa. Wophunzira za maganizo ali cimodzi-modzi. Ayamba waphunzira njira imodzi kapena ziwiri mpaka kuzigwira bwino-bwino, pakuti wosadziwa njira ngakhale imodzi alibe cimene angaphatikize. Aphunzira kuzindikira matenda a thupi amene abvala nkhope ya misala, monga malungo, khunyu, cindoko, HIV, ndi kubwebweta kwa cidakwa coleka mowa mwadzidzidzi, kuti otere awatumize msanga kwa dotolo. Aphunzira kukhala cete, ndipo ici cibvuta anthu ophunzira kuposa zonse. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Sabata iri yonse akhala pansi ndi womuyang'anira, nafotokoza zimene ananena kwa wodwala ndi cifukwa cace, ndipo kawiri-kawiri womuyang'anirayo amfunsa, "Kodi pamenepa munathandiza wodwala, kapena munathawa mau amene anakuopsani inu?" Aphunziranso kuwerenga ndi kuyesa zotsatira za nchito yace, monga anapangana aphunzitsi a ku America pa msonkhano wa ku Boulder mu 1949, kuti sing'anga wa maganizo akhale wociritsa ndi wofufuza pamodzi. Ku South Africa, wotsiriza maphunziro a m'kalasi agwiranso caka cathunthu m'cipatala moyang'aniridwa, ndi caka cina cotumikira anthu kumene Boma lamtuma.

Cina cimene wophunzira wa kuno ayenera kudziwa ndi cakuti miyeso yopangidwa kunja ikhoza kunama. Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anasonyeza ici mu 1979. Anapatsa ana a ku Zambia ndi ana a ku England zithunzi zoti atsanzire. Ndi pensulo ndi pepala ana a ku England anapambana. Ndi waya, ana a kuno, opanga magalimoto a waya m'komboni, anawasiya kutali. Ndi dongo analingana. Iye yemweyo atafunsa akulu a Acewa ku Katete za mwana wanzeru, anapeza kuti kwa iwo nzeru si kucenjera kokha, koma kucenjera pamodzi ndi kutumikika. Tsono sing'anga amene atenga pepala la ku London ndi kulemba kuti mwana wa ku Pamodzi ndi mbuli, mbuli ndi iyeyo.

Wina adzafunsa kuti, kodi zophatikizazi zinayesedwapo pa anthu a kuno? Inde. Akatswiri a pa Johns Hopkins, motsogozedwa ndi Laura Murray, anakonza njira yochedwa CETA, imene inayesedwa poyamba ku Iraq ndi ku malire a Thailand ndi Burma. Anatenga zida zopezeka m'njira zingapo zoyesedwa kale, zambiri za ku nyumba ya Wolpe ndi ya Beck: kufotokozera munthu matenda ace, kumasula thupi, kubwerera ku zocita zokondweretsa, kuyesa maganizo onama, kukamba pang'ono-pang'ono za tsoka limene anaona, kucepetsa mowa, ndi kupangana za citetezo. Phungu asankha zida ndi dongosolo lace malinga ndi munthu amene ali patsogolo pace. Ku Lusaka, mogwirizana ndi bungwe la SHARPZ, anayesa njirayi pa mabanja 248 a m'makomboni atatu, m'mene mwamuna anali kumwa mopitirira ndipo mkazi anali kumenyedwa. Mabanja 123 analandira CETA, ndipo 125 anangocezeredwa kuona ngati ali pa ngozi. Patapita caka, kumenyana ndi kumwa kunacepa kwambiri m'gulu loyamba kuposa laciwiri, kotero kuti oyang'anira analamula kuti kuyesako kulekeke ndipo enawo alandirenso cithandizo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2020.

Aphungu a ku Lusakawo sanali anthu a madigiri ai. Anali anthu wamba ophunzitsidwa masiku 10, koma sabata iri yonse anali kuonana ndi owayang'anira. Ku Harare nakonso, dotolo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kukhala pa benchi pabwalo la kiliniki ndi kuthandiza anthu odwala cimene Amashona acicha kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira. Pa kuyesa kwa anthu 573 kumene kunasindikizidwa mu 2016, patapita miyezi 6, mwa okhala pa benchi 14 pa 100 ali onse anali akali ndi zizindikiro za cisoni cosatha, pamene mwa enawo anali 50 pa 100. Ena pakumva izi ati, "Basi, madigiri ngacabe, agogo akwana." Kumeneko ndi kumva mbali imodzi. Kumbuyo kwa agogo ndi aphungu aja kunali anthu ophunzira kwambiri amene anasankha zida, anaphunzitsa, anamvetsera malipoti, ndi kulandira odwala amene anakanika. M'dziko la asing'anga a maganizo owerengeka, nchito yaikulu ya wotsiriza Master's ndi yomweyo: kukhala kapitao wa aphungu makumi, ndipo kapitao wodziwa njira imodzi yokha sangathe kuyankha mafunso ao.

Tsono bwererani ku khonde lija la ku Pamodzi, muone m'mene munthu wophunzira motere angagwirire nchito. Sayamba ndi mwala, ndipo sayamba ndi za paubwana. Ayamba ndi mau aja a usiku, nafunsa mosabisa, "Bambo, kodi mwaganizapo zodzipha? Mwakonza njira?" Anthu aopa funso limeneli, poyesa kuti lipatsa munthu nzeru yoipa, koma ofufuza anapeza kuti silitero, kawiri-kawiri wodwala apuma, pakuti wapeza womuuza. Apangana ndi abale kucotsa m'nyumba mankhwala a makoswe ndi a m'dimba. Aonana ndi mkazi payekha, nati, "Mai, akayambanso usiku, muthawira kwa yani ndi ana?" Kenaka atumiza mwamunayo kwa clinical officer kuti apimidwe magazi ndi kuthandizidwa kuleka mowa, cifukwa munthu amene manja ace anjenjemera m'mawa akaleka mwadzidzidzi, pa tsiku laciwiri kapena lacitatu angathe kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zosaoneka, ngakhale kufa kumene.

Zimenezi zitakhazikika, ndipo pamene wodwala wayamba kumkhulupirira, afika ku mwala. Amphunzitsa kupuma mofatsa ndi kumasula mapewa, kenaka ampempha kusimba za tsiku lija, lero pang'ono, sabata ya mawa kuonjezapo, kufikira atatha kusimba nkhani yonse thupi losanjenjemera. M'kusimbako mutuluka mau amene anabisika zaka zonsezi: "Ndine ndinamupha, cifukwa ndinamuuza kuti aime pamenepo." Sing'anga samtsutsa msanga, ndipo samtonthoza ndi mau okoma. Amfunsa monga pa bwalo: "Kodi munadziwa kuti mwala udzagwa? Ndani anapima denga m'mawa muja? Akadakhala mnzanuyo ndiye anakuuzani inu, mukadamuyesa wakupha?" Apangananso kanchito ka tsiku ndi tsiku, kaya kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, kaya kuperekeza mwana ku sukulu, pakuti munthu wa mgodi anazolowera belu la shifiti, ndipo tsiku lopanda belu limlemera.

Potsiriza aitana banja ndi ankhoswe, monga anacitira Ihembi, koma popanda kuloza mfiti. Kwa amace sanena kuti ufiti kulibe, pakuti akatero gogoyo sadzabweranso, ati, "Amai, za kumudzi muzidziwa ndinu. Cimene ndipempha ndi cakuti asamwe mankhwala awiri osandiuza, ndipo asachulidwe munthu." Kwa mkazi ati mapemphero apitirire, koma kusala kudya kuyambe kwaima, ndipo mibulu ya ku cipatala isatayidwe. Ngati mtima wa wodwala ufuna kukaona manda a mnzace ndi kupepesa mkazi wamasiye monga mwa mwambo wa kwao, sing'anga athandiza kukonza ulendowo, cifukwa aona kuti pamenepo mwambo ndi buku zinena cinthu cimodzi. Ndipo sabata iri yonse afunsa mafunso omwe-omwewo a tulo, mowa ndi mkwiyo, nalemba. Zikapanda kusintha patapita sabata zingapo, sanena kuti wodwala ndi wouma mutu. Apita kwa womuyang'anira, nasintha njira. Si onse acira, ndipo ena abwerera ku botolo kawiri kapena katatu asanaime.

Kodi anthu otere aphunzira kuti m'Zambia? Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, iphunzitsa saikoloji, ndipo mothandizana ndi a ku Norway inayamba digiri ya Master's ya kupima nchito za bongo, yochedwa clinical neuropsychology. Koleji ya Chainama, imene inaphunzitsa ma clinical officer ndi anesi a matenda a maganizo zaka zambiri, tsopano iri mbali ya Yunivesite ya Levy Mwanawasa. Kuno ku Migodi, Yunivesite ya Copperbelt inatsegula sukulu ya udotolo ku Ndola mu 2011. Koma otsiriza maphunziro akulu a kuciritsa ndi mau akali ocepa, ndipo ambiri a iwo ali ku Lusaka. Dziko la migodi, limene linataya anthu 89 pa ngozi ya ku Mufulira ya pa 25 September 1970, ndi kuona mabanja osawerengeka akusweka pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000, liyenera kukhala ndi sukulu yace ya nchito imeneyi, ndipo nkodabwitsa kuti makampani amene apima mapapo a anchito ao kawiri-kawiri salabadira mitu yao cimodzi-modzi. Palinso bvuto la cinenero. Mabuku onse ali m'Cingerezi, koma munthu salira m'Cingerezi. Wodwala wa ku Pamodzi adzati mtima wanga wauma, kapena mutu wanga wadzala, ndipo adzanena m'Cibemba kapena m'Cinyanja. Wophunzira amene sanayesepo nchito yace m'zinenero zimenezi pamaso pa mphunzitsi wace adzayamba kuphunzira pa wodwala woyamba.

Kwa banja limene liri ndi munthu wotere lero, khomo loyamba ndi kiliniki ya m'komboni, imene itumiza odwala ku cipatala cacikulu ca Ndola kapena ca Kitwe. Ku Ndola kuli cigawo ca matenda a maganizo. Mbale mmodzi wodziwa nkhani yonse apite naye, anyamule mankhwala onse amene wodwala wamwa, a ku cipatala ndi a kwa sing'anga omwe, ndipo asabise za mowa. Ndipo popeza masiku ano zikwangwani za aphungu zaculuka m'tauni, munthu asacite manyazi kufunsa asanalipire: "Munaphunzira kuti, ndipo zaka zingati? Kodi muli ndi cikalata ca Health Professions Council of Zambia, kapena mugwira nchito pansi pa cipatala kapena bungwe liti? Nanga ndani ayang'anira nchito yanu?" Wophunzira bwino sakwiya ndi funso lotsirizali; achula dzina la womuyang'anira ndi tsiku limene aonana naye.